Za Anthu Achitsulo Amene Ndidawaona ku Zingwangwa

Mwezi wathawu ndidapita ku Kabula kukazonda mlongo wanga amene adakwatiwa ku Zingwangwa, kufupi ndi phiri la Soche, ndipo kumeneko ndidaona chinthu chimene ndifuna kukusimbirani. Pakuti ngakhale chidachokera kutali, kutsidya kwa nyanja yamchere, chidafika kale kwa ana a m'tauni, ndipo sichidzachedwa kufika kwanu komwe, kapena chafika kale pa lamya ya m'manja ya mnyamata wa pa golosale, inu osadziwa.

Tsiku lachiwiri madzulo, titatha kudya, mlamu wanga adaitana ana ake awiri, mnyamata wa zaka 11 ndi mtsikana wa zaka 7, nati kwa iwo, "Khalani pansi apa, lero ndikuonetsani ngwazi ya ubwana wanga." Mtsikana adakhala pamphasa pafupi ndi amake, mnyamata nakhala pa bokosi lakale lachitsulo limene amasungiramo mabulangete, pakuti ndiwo mpando wake wa masiku onse. Bambo wao adatulutsa m'thumba kanthu kakang'ono konga chala, kamene amakatcha fulashi, momwe anyamata a pamsika amathiramo nyimbo ndi zithunzi zoyenda munthu akawalipira, nakalowetsa kumbuyo kwa wailesi yakanema. Ine ndidanyamuka kuti ndikapitidwe mphepo panja, poganiza kuti nzachibwana, koma iye adandigwira mkono nati, "Iyayi alamu, khalani, inu ndinu munthu wa sukulu, mutiuze pambuyo pake ngati ndaonetsa anawa choipa." Tsono ndidakhala, ndipo ndidapenya ola limodzi ndi mphindi ngati 45 osaodzera. Dzina la chithunzicho ndi Transformers One. Chidatuluka ku Amereka m'mwezi wa September 2024, ndipo adachitsogolera ndi munthu wotchedwa Josh Cooley. Mulibe munthu wa mnofu ndi magazi ngakhale mmodzi. Onse a m'menemo ndi anthu achitsulo ojambulidwa pa kompyuta, ndipo anthu enieni adangowabwereka mawu.

Anthu achitsulo otere Azungu amawatcha maroboti. Kwathu kuno mukati maloboti, munthu wa ku Kabula aganiza za nyali zofiira ndi zobiriwira zimene zimaimitsa magalimoto pa mphambano. Koma kumene liwulo lidabadwira silidatanthauze nyali konse. Adalitchukitsa ndi mlembi wa ku Czechoslovakia dzina lake Karel Čapek, m'sewero lake lotchedwa R.U.R. la chaka cha 1920, ndipo lidachokera ku liwu la chinenero chao lakuti robota, ndiye kuti ntchito imene mlimi wosauka ankagwirira mwini malo mokakamizidwa. Inu a ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu simufuna womasulira apa, pakuti makolo anu adaidziwa ntchito imeneyo m'minda ya Azungu: ndi thangata. Lisungeni liwuli mumtima, tidzabwererako.

Chiyambi cha anthu achitsulowa sichidali nthano ayi, chidali malonda. Ku Japan kudali kampani yotchedwa Takara imene inkapanga tizidole todabwitsa: ukakagwira kali ngati galimoto, ukapinda apa ndi kutambasula apo, kasanduka munthu wa mutu, manja ndi miyendo. Kampani ya zidole ya ku Amereka, dzina lake Hasbro, idationa tizidoleto, nigula chilolezo chotigulitsa kwao, nititcha Transformers, ndiko kunena kuti Osandulika. Musaganize za munthu wosanduka fisi usiku. Pano palibe mankhwala, pali timahinjesi tokha monga ta chitseko. Koma amalonda aja adadziwa kuti mwana salirira chidole chopanda dzina ndi chopanda mbiri. Tsono adaitana alembi a kampani ya Marvel kuti awapekere mbiri: dziko lachitsulo lotchedwa Cybertron, ndi magulu awiri odana, Autobots ndiwo abwino, Decepticons ndiwo onyenga, mtsogoleri wa abwino Optimus Prime, wosanduka lole yofiira, ndi mtsogoleri wa onyenga Megatron, wosanduka mfuti. M'chaka cha 1984 zidole zidalowa m'sitolo, nthano niyamba kuonetsedwa pa kanema, ndipo pofika 1987 idakwana zigawo 98. Chaka chomwecho cha 1984, Ronald Reagan akulamulira, boma la Amereka lidamasula malamulo amene ankachepetsa zoitanira malonda pa kanema, ndipo amalonda adapeza danga lakuti nthano yonse ya ana ikhale yoitanira malonda, mwanayo osazindikira.

Ngati wina akayika, amve zimene zidachitika mu 1986. Chaka chimenecho adatulutsa chithunzi chachitali cha m'nyumba za kanema, chotchedwa The Transformers: The Movie, ndipo nkhani isanafike ndi pakati pomwe adamupha Optimus Prime pamodzi ndi anzake ambiri akale, pofuna kuti ana aiwale zidole zimene adagula kale nayambe kulirira zatsopano. Koma adaphonya masamu. Ana adalira m'nyumba za kanema, makolo adalemba makalata okwiya, ndipo mu 1987 eni ake adakakamizika kumuukitsa. Amalonda ankayesa kuti akugulitsa lole ya pulasitiki, osadziwa kuti ana ambiri adamutenga munthu wachitsuloyo ngati bambo wao. Ine ndiyesa chidachititsa ndi mawu ake. Amene ankamulankhulira, Peter Cullen, adampatsa mawu akuya koma ofatsa, osazaza, potsanzira mkulu wake amene adali msilikali. Ndipo mwana aliyense, wa ku Amereka kapena wa ku Bangwe, amakopeka ndi munthu wamphamvu amene sakalipa.

Ife a kumudzi zonsezi zidatipita. M'dziko muno mudalibe wailesi yakanema nthawi yonse ya Kamuzu, ndipo Television Malawi idayamba kuulutsa mu 1999. Koma mlamu wanga adakulira ku Chilomoni, m'tsinde mwa Michiru, ndipo pafupi ndi kwao padali nyumba ya bambo wina wogwira ntchito ku Harare, amene adabwera ndi makina a vidiyo ndi kaseti imodzi ya nthano imeneyi. Ana a m'deralo ankasuzumira pa zenera, wina atakwera pa msana wa mnzake, osamva ngakhale liwu limodzi la Chingerezi, ndipo kaseti ija adaionera mpaka idatha mphamvu. Kukacha ankapita kukatola mawaya ndi zitsekerero za mabotolo, napanga magalimoto ao a mawaya monga tidachitira tonse, koma iwo ankayesetsa kuwaika manja ndi mutu kuti nawonso asandulike. Luso limeneli la ana athu si laling'ono. Mayi wina wa ku Amereka amene adakhalapo m'dziko lino, Karen Lynn Williams, adalilembera buku la ana lotchedwa Galimoto mu 1990. Pambuyo pake tidaona timisasa ta vidiyo tikuchuluka ku Ndirande, ku Bangwe, ku Machinjiri ndi kwina konse, chimkuzamawu chili pakhomo kuitana ana ndi phokoso la nkhonya. Ndipo kuyambira 2007, pamene Michael Bay adayamba kutulutsa zithunzi za Osandulika zosakaniza ndi anthu enieni, zodzaza ndi moto ndi kugumuka kwa nyumba, dzina la Optimus Prime lidadziwika ndi kwa ana amene sadaonepo chidole chake.

Tsono werengani nokha. Kuchokera 1984 kufika 2024 ndi zaka 40. Mwana amene ankasuzumira pa zenera lero ndi bambo wa ana, ali ndi kandalama m'thumba, ndipo mtima wake ukhumba kulawanso ubwana wake. Nyambo ya chithunzi chatsopanochi adaikira bamboyo poyamba, mwana pambuyo. Ndidaziona ndi maso anga: ana adakhala chete, koma mlamu wanga, munthu wa imvi za m'mbali, ndiye ankadumpha pampando, ndipo adadandaula kawiri konse kuti mawu a ngwazi yake sali monga akale, pakuti tsopano adailankhulira ndi Chris Hemsworth wa ku Australia. Mpaka apa ndikadati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndi kutseka nkhani. Koma ndikadanama, pakuti m'kati mwa mkuyu umenewu ndidapezamo kanthu kamene sindidakayembekeze.

Nthano yake ndi iyi. Ibwerera m'mbuyo, nkhondo ija isanayambe, pamene Optimus Prime ndi Megatron adali anyamata awiri okondana ngati a bere limodzi. Woyamba ankatchedwa Orion Pax, wachiwiri adalibe dzina koma nambala, D-16. Onse awiri ankakumba mumgodi pansi pa mzinda wa Iacon. Chimene ankakumba ndi energon, ndicho chakudya chao ndi mafuta ao. Kale chinkayenda chokha ngati mtsinje, koma chidaphwa, ndipo tsopano chidayenera kukumbidwa m'mapanga ogumuka. M'dziko limenelo muli mitundu iwiri ya anthu. Ena ali ndi kachitsulo ka manomano pachifuwa, konga kaja ka pa njinga kamene tcheni amakoka, ndipo ndi kameneko amatha kusandulika kukhala galimoto kapena ndege. Awa ndiwo mabwana, othamanga mipikisano ndi alonda. Ena pachifuwa pao pali dzenje lokha, ndipo adauzidwa kuti adabadwa chotero, kuti gawo lao ndi kukumba basi. Wolamulira onse ndi Sentinel Prime, wokongola, wa mapiko agolide, wolankhula mokoma, amene nthawi ndi nthawi amatuluka kunka pamwamba pa dziko, nanena kuti akukafuna chinthu chopatulika cha makolo chimene chidatayika, chimene chikapezeka mtsinje uja udzayendanso. Okumba amamuombera m'manja, ndipo D-16 ndiye womkhulupirira koposa onse, wosunga malamulo, wodzudzula mnzake Orion chifukwa cha chidwi chake ndi kusamvera kwake.

Mwa njira zina zimene sindidzakutopetsani nazo, awiriwa adatulukira pamwamba pamodzi ndi kapitao wao wamkazi Elita-1 ndi mnzao wolongolola B-127, amene adaseketsa mwana wamkazi wa mlongo wanga mpaka misozi. Kumeneko m'phanga adapeza nkhalamba Alpha Trion, mmodzi yekha wotsala mwa atsogoleri akale, ndipo iye adawaululira zoona. Sentinel ndiye adapereka atsogoleri aja kwa adani achilendo otchedwa Quintessons. Maulendo ake a pamwamba sadali okafuna kanthu, adali okatula kwa adaniwo energon amene okumba ankafera. Ndipo choopsa koposa: palibe amene adabadwa ndi dzenje pachifuwa. Onse adali nako kachitsulo kaja, koma Sentinel ankakazula iwo asanatsegule maso, kuti apeze antchito osadziwa kuti adaberedwa.

Pamenepa ndidaleka kuona zidole, ndidayamba kuona makolo athu. Ndi mudzi uti mwa midzi yanu umene sudatumize amuna ku Joni? Msonkho wa nyumba udafuna ndalama, m'mudzi mudalibe ndalama, ndipo bungwe lolemba anthu a m'migodi, Witwatersrand Native Labour Association, limene ife tidalifupikitsa kuti Wenela, lidali ndi zipata zotsegula. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa. Kumeneko munthu ankadziwika ndi nambala monga D-16, ankagona m'komponi kutali ndi mkazi ndi ana, nalamulidwa m'Chifanakalo. M'mwezi wa April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha Amalawi oposa 70 amene adali paulendo wobwerera kwao, ndipo Kamuzu adaimitsa kulemba anthu. Kudayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, nikutha mu 1988. Ambiri adabwera ndi njinga, ndi bulangete, ndi wailesi. Ambirinso adabwera ndi fumbi la miyala m'mapapo, ndipo padapita zaka zochuluka kufikira 2019, pamene bwalo la milandu ku Johannesburg lidavomereza chipepeso cha marandi 5 biliyoni kwa okumba golide odwala nthenda ya fumbi ndi chifuwa chachikulu, ndalama zimene zidaikidwa m'manja mwa bungwe la Tshiamiso Trust. Ena adamwalira asanalimve ndi dzina lomwe la bungwelo.

Nanga kachitsulo ka pachifuwa? Nakonso tikadziwa. Lamulo la migodi la ku South Africa la chaka cha 1911 lidatsegula njira yosungira Azungu okha ntchito zapamwamba, monga chikalata cha wophulitsa miyala, ndipo tsankho limenelo silidachoke m'malamulo mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Munthu wakuda ankatha kuidziwa ntchito koposa bwana wake, ankatha kumuphunzitsa bwanayo, koma adauzidwa kuti sadabadwire zimenezo. Sindinena kuti olemba chithunzichi ankaganiza za amuna a ku Dedza kapena a ku Mzimba. Mwina sadamvepo za iwo. Ndinena kuti amene afuna kusimba za roboti moona mtima sangathe kulithawa thangata limene lili m'dzina lomwelo. Ndipo bodza lakuti wosauka adabadwira khasu lokha silidafe pamodzi ndi Wenela. Limvekabe pakhomo pamene bambo auza mwana wamkazi kuti sukulu si yake.

Koma mtima wa nthano suli pa kuberedwa, uli pa zimene oberedwa awiriwo adachita atadziwa. Nkhalamba ija idawapatsa tizitsulo ta atsogoleri akufa, onse nalandira mphamvu zofanana. Orion adati abwerere ku mzinda akaulule zoona pamaso pa anthu onse, pakuti wonyenga akavulidwa bodza lake watha mphamvu. D-16 adangoti afuna kumupha. Ndipo taonani nzeru ya olemba: amene adakwiya koposa si wosamvera uja, koma wokhulupirika uja, amene adapereka mtima wake wonse kwa mtsogoleri. Munthu amene sadakhulupirire kanthu sapwetekedwa kwambiri likaululika bodza; wopwetekedwa ndi amene ankaomba m'manja. Mkwiyo wa D-16 udakula pang'onopang'ono, ndipo Sentinel atamgwira namlemba chizindikiro pachifuwa momnyoza, udafika posabwezeka. Potsiriza zoona zidaululika, okumba adaukira, Sentinel adagwa pansi wopanda womteteza. D-16 adaloza mfuti kuti ammalize, Orion nalowa pakati, chipolopolo nichimgwera iye. Adatsala lendelende pamphepete pa chidzenje chachikulu, mnzake atamgwira dzanja. M'nyumba monse mudali zii. Ndipo D-16 adamyang'ana, natsegula dzanja. Atatero adamng'amba Sentinel pakati khamu likuona, nadzitcha dzina latsopano, Megatron, nayamba kugumula mzinda womwe adati akuwuombola.

Ife amene tidalawako Chilatini tidamwetulira pa maina awa, pakuti pax ndi mtendere, optimus ndi wabwino koposa, ndipo primus ndi woyamba. Koma mphwanga wa zaka 11 sadasamale za Chilatini. Chithunzi chitatha adanditembenukira nati, "Amalume, nanga D-16 walakwa chiyani? Si uja anawabera? Akanamusiya akanathawa." Bambo wake adafuna kumkhalitsa chete, ine ndidati amleke, pakuti funso limenelo si la mwana yekha. Ndi funso lomwe limamveka pamsika pamene wina afuula kuti "Wakuba!" ndipo anthu amene m'mawa adali ogulitsa tomato ndi okwera kabaza asanduka khamu la miyala, wina nathamangira tayala, wina petulo. Limamvekanso m'midzi mwathu pamene mwana wamwalira mwadzidzidzi ndipo achinyamata aloza chala gogo wokhala yekha. Nthawi zambiri chilonda cha khamulo nchoona: adaberedwadi, adalira malirodi, adaonapo wogwidwa dzulo akuyenda mumsewu lero. Ana athu amaima m'mbali mwa makamu otere, amaona zonse, ndipo palibe amene amakhala nao pansi madzulo kuwafunsa chimene aona.

Ndidamuyankha mphwanga monga ndidathera. Ndidati Orion sadanene kuti Sentinel ngosalakwa. Iye ndiye adamvula bodza pamaso pa onse. Chimene adakana ndi chakuti munthu mmodzi akhale wodandaula, mboni, woweruza ndi wakupha nthawi imodzi, pakuti dzanja likazolowera zimenezo silisankhanso; ndipo umboni wake ngwakuti amene adagwa ndi mfuti ya D-16 pamenepo sadali mdani wake, adali bwenzi lake. Ndidamuuzanso kuti makolo athu ankati mlandu suola, ndipo ankautengera pabwalo, pansi pa mtengo, kuti aliyense alankhule, wolakwa yemwe. Lamulo lalikulu la dziko lino la 1994 likuti wogwidwa aonekere ku bwalo la milandu asanathe maola 48, ndipo akatuluka pa belo sindiye kuti mlandu watha, ayenera kubwerera kukayankha. Mnyamatayo adamvetsera, koma sindinganene kuti adakhutira, ndipo sindimuda nazo.

Pakuti apa chithunzicho chili ndi chilema chimene ndiyenera kuchitchula. Orion atagwa m'chidzenje sadafe chifere. Adafika pakatikati pa dziko lao, mzimu wa dzikolo numpatsa chinthu chopatulika chija, nabwerera ali wamkulu ndi wamphamvu koposa kale, dzina lake Optimus Prime. Adamgonjetsa Megatron, osamupha, nampirikitsa mumzinda pamodzi ndi omtsata, mtsinje wa energon nuyendanso, okumba onse nalandira tizitsulo tao. Zonse zidakonzeka m'mphindi zowerengeka. Kwathu kuno munthu wolowa pakati pa khamu ndi wakuba sabwerera ndi mphamvu zatsopano. Akapulumuka, amapita kuchipatala ndi mutu wotupa, ndipo ena amamutcha mnzake wa mbala. Mwana akaphunzira kuti wabwino amapambana chifukwa nkhonya yake ndi yaikulu, waphunzira theka lokha, ndipo theka limenelo ndi la Megatron lomwe. Komanso eni ake sakadalola kuti awiriwa ayanjane, pakuti nkhondo yao ndiyo imagulitsa zidole zaka 40 zonsezi. Amalonda aja sadachoke; angophunzira kusimba bwino.

Tsono mlamu wanga atandifunsa ngati waonetsa ana choipa, ndidati iyayi, koma wachita bwino kukhala nao pomwepo. Ku Amereka komweko adachiika m'gulu la zithunzi zofuna kuti kholo litsogolere mwana. Mulibe zolaula, mulibe magazi popeza onse ndi achitsulo, koma ndewu nzambiri, ndipo pamene Sentinel ang'ambidwa mtsikana wa zaka 7 adabisa nkhope pa chitenje cha amake. Wa msinkhu umenewo ndikadamdikiritsa. Ndipo kuonera m'nyumba ndi kwina, kuonera m'kamsasa ka vidiyo ndi kwina. Kumeneko mwana akhala mumdima pakati pa akuluakulu osawadziwa, chithunzi cha ana chikatha chimabwera china chimene si cha ana, ndipo anyamata amene amamasulira zithunzi m'Chichewa, ngakhale ena ali ndi luso loseketsa ndithu, saopa kuthiramo mawu ao amene mwini nthano sadawalembe. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma dambo likakhala kutali, moto uyenda. Za chidole, mphwanga adayamba kale kupempha, atachiona chakale chothyoka mkono pa kaunjika ku Limbe. Bambo wake adamuuza kuti ayambe wapanga cha mawaya chimene chingaime chokha ndi kupindika kukhala lole, pamenepo adzakambirana. Mnyamatayo adati nzosatheka. Bambo wake adati iye adachipanga mu Sitandade 5, ndipo mlongo wanga adaseka kukhitchini, nati nkhani imeneyo imakula chaka ndi chaka.

M'mawa mwake mphwanga adandiperekeza kukakwera basi. Titafika pa depoti adawerenga dzina lake mokweza monga amachitira ana a sukulu, nandifunsa kuti, "Amalume, kodi Wenela anali ndani, mfumu?" Ndidamuuza kuti si munthu, ndi dzina la bungwe lija, ndipo kuti malowo adatchedwa chotero chifukwa amuna opita ku migodi ankasonkhana kumeneko. Ndidamuuza kuti agogo ake, bambo wa ine ndi amake, adapita nao ku Joni asanakwatire, nakumba pansi pa nthaka kumene dzuwa silifika, ndipo kuti adabwerako ndi njinga imene ine ndidaphunzirira kupalasa. Iye adawadziwa agogowo ali nkhalamba yokhala pakhonde, yosalankhulalankhula, ndipo palibe adamuuzapo zimenezi. Adandifunsa ngati adasiya kanthu kena ka ku Joniko. Ndidati akafika kunyumba akayang'ane bwino bokosi lachitsulo lija amakhalira poonera kanema, pakuti ndi lomwe agogo ake adasenza pamutu potsika pamalo pomwe tidaimapo. Kondakitala adayamba kuitana, ine ndidakwera, ndipo pamene basi inkatuluka pachipata ndidamuona akuthamangira minibasi ya ku Zingwangwa.